Dzino Losayenera Kuzulidwa

Chilonda cha amayi chinayamba m'mbali mwa lilime, chakumanzere, chaching'ono ngati njere ya mapira. Iwo ankati anadziluma akutafuna chimanga chokazinga. Tinawokera fodya chilipo, tinabandira chilipo, tinayamba kuthyola chilipobe. Ine nthawi imeneyo ndinkaphunzitsa pa sukulu ina ya pulayimale kwa Lukwa, ndipo kumudzi kwathu, kufupi ndi Santhe, ndinkangopitako mwezi ukatha. Ulendo wina ndinawapeza akudya mbatata atapendeketsa mutu, akutafunira mbali imodzi, maso atatsinzina. Ndinawatulutsa panja padzuwa n'kuwauza kuti ayasame. Chilondacho chinali chitakula, m'mphepete mwake moyera ndi mouma gwa.

Ine ndine wa mtima wapachala, ngakhale ana a sukulu amadziwa. Tsiku limenelo ndinakalipa mpaka nkhuku zinachoka pabwalo. Amayi anangondiyang'ana n'kunena kuti, "Ukatha kukalipako undipatsire kabotolo kanga ako." Kabotoloko kanali ka fodya wopera. Anayamba kuika fodya m'kamwa ali mtsikana, monga ankachitira amayi awo, ndipo kwathu panalibe woona chachilendo. Ife timabadwira m'fodya. Sukulu tinaphunzira ndi fodya, malata a padenga ndi fodya. Munthu akatsinako pang'ono n'kuika kuseri kwa mlomo, angamufunse ndani?

Tinayamba ku chipatala chaching'ono, anatipatsa mankhwala ochukucha m'kamwa. Tinapita ku boma, anatitumiza ku Lilongwe. Kumeneko anadula kanyama kakang'ono palilime n'kukapima, ndipo titabwerera anatiuza kuti ndi khansa. Amayi anafunsa ngati tipeze basi yobwerera tsiku lomwelo, chifukwa fodya anali m'chigafa. Patapita miyezi, dzina lawo linatuluka pakati pa otumizidwa ku chipatala china kunja kwa dziko, ndipo ine ndinapita nawo ngati gadiyani wawo.

Dokotala wa kumeneko anali mayi wamfupi wolankhula modekha. Ankalankhula Chingelezi, ine n'kumamasulira. Anati popeza chotupacho chinali chikadali chaching'ono ndiponso chisanatsikire m'khosi, lilime sadula. Adzachiwotcha kuchokera m'kati mwake momwemo. Adzalowetsa timapaipi kuchokera pansi pa chibwano kubowola lilime, ndipo makina azidzatumiza m'timapaipimo kachitsulo kakang'ono kotulutsa mphamvu yosaoneka ndi maso, yomwe imapha khansa. Anati kale ankasiya timawaya tofooka m'lilime kwa masiku, mphamvu n'kumalowa pang'onopang'ono. Kachitsulo ka masiku ano n'kaukali kwambiri, kamalowa kanthawi kochepa n'kutuluka. Ndiye nkhawa yawo yaikulu inali pa liwiro. Mphamvu ikalowa yambiri nthawi imodzi, khansa imafa inde, koma nyama yabwino imapsanso, pamodzi ndi fupa la nsagwada lomwe lagundizana ndi lilime. N'chifukwa chake amaigawa m'timagawo, kena m'mawa kena masana, kuti thupi lizipuma pakatipo.

Nditamasulira, amayi anagwedeza mutu. "Ndiye ndi feteleza ameneyo," anatero. "Ukamuunjika patsinde mbewu imapsa." Dokotala atamva anaseka n'kuvomera kuti ndi momwemo.

Ine sindinaseke. Ndinafunsa kuti nanga fupalo likapsa chimachitika n'chiyani. Dokotala anasiya kuseka n'kutembenukira kwa ine. Anati ngakhale asamale chotani, fupa la mbali imeneyo lidzalandirako gawo lake. Timitsempha tamagazi ta m'kati mwake tidzachepa. Lidzakhalabe pamalo pake, amayi azidzatafunira ngati kale, koma likadzavulala silidzatha kudzipoletsa lokha, ndipo likhoza kufa lili m'kamwa momwemo. Anati sizichitikira aliyense, ambiri amakhala bwinobwino moyo wawo wonse. Koma pali zinthu ziwiri zimene zimaliputa: fodya, ndi kuzula dzino. Mano owonongeka azula iwo asanayambe kuwotcha, adikire kuti papole. Akatha kuwotcha, dzino la m'munsi kumanzere lisadzazulidwenso ndi munthu aliyense popanda madokotala odziwa nkhaniyi, kaya papite zaka zingati. Anabwereza mawu amenewo, nane ndinawabwereza m'Chichewa mpaka amayi anati, "Ndamva, sindine gonthi."

Anazula mano awiri owola, tinadikira. Anapanganso kanthu kapulasitiki kolowa pakati pa lilime ndi usinini, koti kazikankhira lilime kutali ndi fupa pa nthawi yowotcha. Tsiku limene anaika timapaipi, amayi anatuluka ku opaleshoni timichira toyera tikulendewera pansi pa chibwano, kapaipi kena kodyera kali m'mphuno. Kulankhula sankatha. Ankandiuza zonse ndi maso, ndipo maso awo ankati, iwe ndiwe wandibweretsa kuno.

Kwathu wodwala sasiyidwa yekha. Ngakhale pa chipatala cha boma gadiyani amagona pansi pafupi ndi bedi. Koma chipinda chowotcheracho chinali ndi chitseko chochindikala ngati khoma, ndipo akawagoneka n'kulumikiza timapaipi ku makina, aliyense ankatuluka, ngakhale dokotala amene. Ndinkangowaona pa kanema, ali okhaokha, mapazi atasanjikiza monga amachitira kutchalitchi. Makina akayamba kulira ine ndinkasiya kupuma. Ndinkaganiza kuti nanga akatsokomola, nanga akameza malovu kapulasitiki kaja n'kusuntha, mphamvu yonse n'kugwera pa fupa? Ulendo uliwonse asanatseke chitseko ndinkafunsa namwino ngati kalowa bwino. Tsiku lina namwinoyo anatopa nane n'kundiuza kuti ngati ndikufuna ntchito yake ndikalembetse ku ofesi.

Atamaliza anachotsa timapaipi. Lilime linatupa, linasupuka, amayi anawonda mpaka chitenje chinkazungulira kawiri. Koma linapola. Tinabwerera kwathu mphepo ya mwera ikuwomba, minda ili mbee, mapesi a fodya atazulidwa kale.

Anthu anabwera kudzazonda, wina ndi nkhuku, wina ndi mtedza umene amayi sakanatha kutafuna. Anabweranso atsibweni, mlongo wawo wa amayi wobadwa naye bere limodzi, amene ndiwo mwini mbumba. Chimwalirireni bambo anga, atsibweni ndi amene ankayang'anira zonse za pakhomo pa amayi: denga likadontha, mbuzi zikalowa m'munda mwa eni ake, fodya akafuna kudinda mabelo. Ndi munthu wofatsa, wa njinga yake yakuda, ndipo mlongo wawo amamukonda mopanda kubisa. Ndinadikira kuti abale onse akhale pansi, ndinagwada monga mwa ulemu, n'kufotokoza zonse zimene dokotala ananena. Ndinati fodya m'kamwa mwa amayi watha. Ndinati dzino likadzawawa, aliyense amene ali pafupi andiimbire foni, asapite nawo kwina kulikonse.

Atsibweni anamwetulira. "Tamva, aphunzitsi," anatero. "Kodi mayeso ake tilemba liti?" Anthu anaseka. Ine ndinasekanso pang'ono, koma mtima sunakhale pansi.

Kuyambira pamenepo ulendo uliwonse wa kumudzi unkayamba chimodzimodzi. Ndikangotsika kabaza, moni wapakamwa, chikwama pansi, ndiyatse tochi ya pafoni, amayi yasamani. Ndinkayang'ana lilime, ndinkayang'ana usinini, ndinkawerenga mano ndi maso. Amayi ankadandaula kuti, "Kodi ndine ng'ombe ya pamsika, yoyamba kuiona mano usanaipatse moni?" Ndinkafufuzanso m'nyumba, pansi pa mphasa, m'madengu, kufuna kabotolo kaja. Sindinakapeze. M'kamwa mwawo munali mouma chifukwa cha kuwotcha kuja, malovu anachepa, ankayenda ndi botolo la madzi kulikonse ngakhale kumaliro. Dokotala anali atanena kuti m'kamwa mouma mano amawola msanga. Ndinawagulira mswachi wofewa ndi mankhwala otsukira mano, iwo n'kumasungira alendo.

Ku Lilongwe tinkapitabe kukaonetsa, ndipo nthawi zonse ankati khansa sinabwerere. Chaka chinatha, china chinatha. Amayi ananenepa, anayambanso kukangana ndi anthu a ganyu. Kumudzi nkhani ya matenda awo inasanduka yakale, yoyamba ndi mawu akuti nthawi ija. Ine ndekha ndi amene ndinatsala nayo. Foni ikalira ndili m'kalasi, n'kuona kuti ndi nambala ya kumudzi, choko chinkandigwa m'manja. Kawirikawiri ankangofuna kundiuza kuti mbuzi yaswa.

Zimene zinachitika nyengo yosankha fodya ya chaka chachitatu ndinazimva pambuyo pake, pang'onopang'ono. Dzino la m'munsi kumanzere, lakumbuyo, linabowoka n'kuyamba kuwawa. Amayi sanandiuze. Ankadziwa kuti ndikamva ndiwanyamula tsiku lomwelo kupita ku Lilongwe, kumeneko atiuza kuti tibwerenso, ndipo fodya yense wa chaka adzakhala m'chigafa wosasankha pamene anzawo akutumiza mabelo ku okushoni. Anachukucha madzi a mchere. Anamwa mapiritsi a pagolosale. Kenako anachita chimene aliyense kwathu amachita dzino likavuta: anapempha fodya wopera kwa mnzawo n'kufinyira pabowopo. Ululu unagona pang'ono n'kudzukanso. Anasiya kudya, anasiya kugona, ankasankha fodya misozi ikugwera pamasamba. Atsibweni atawapeza choncho, anawakweza panjinga tsiku la msika kupita nawo ku Santhe. Kuseri kwa mashopu kunali munthu wina wozula mano, wodziwika kuti dzanja lake n'lopepuka. Analizula, anawapatsa thonje loti alume, n'kubwerera kwawo. Ululu wa dzino unathadi, ndipo onse awiri anagwirizana zoti aphunzitsi asamve.

Mwezi utatha ndinafika ngati kale. Amayi anandilonjera atagwira nsonga ya chitenje pakamwa. Anati ali ndi chimfine. Nditayatsa tochi anakana, anati lero ayi, atopa nazo. Ndinakhala pafupi nawo pakhonde, ndipo atatembenuka kuti alankhule ndinamva fungo. Silinali fungo la m'kamwa mosatsuka. Sindinakalipe, ndinangoti, "Amayi, ndakupemphani." Anayasama. Pamene panali dzino panali dzenje losatseka, usinini utabwerera m'mbuyo, ndipo pansi pake pankaoneka kanthu kotuwa, kokakala. Linali fupa.

Atsibweni ndinawapeza m'chigafa mwawo atakhala pa kampando, akumanga masamba a fodya m'timitolo. Sindinagwade.

"Atsibweni, ndinanena chiyani pamaso pa anthu onse aja?"

Sanadzutse mutu. "Khala pansi, mwana wanga."

"Sindikhala. Ndinanena chiyani?"

"Unanena za dzino. Koma tamvera. Madokotala ako omwewo anazula awiri, mlongo wanga sanafe. Ife tazula limodzi lokha. Ndiponso matenda aja anatha, iwe wemwe unatiuza kuti anatha."

"Iwo anazula asanawotche. Ndinakuuzani kuti fupa lija silipola."

"Fupa losapola ndi liti? Ine mwendo uwu unathyoka, ndikupalasira njinga mpaka lero." Anaika mtolo pansi. "Iwe sunamuone. Amalira ngati kamwana, munthu wamkulu ngati uja. Ine ndikhale ndikumuyang'ana, ndikudikira kuti sukulu itsekere?"

Pamenepo mtima wanga unandithawa. Ndinawauza kuti tinawoloka malire a dziko kukapulumutsa lilime la amayi, madokotala anayeza mphamvu ija kadontho ndi kadontho kuti fupa lisapse, iwo n'kukapereka fupa lomwelo kwa munthu wa pulayala kuseri kwa shopu. Ndinati amayi akafa, manda akumbe okha. Anthu a nyumba zoyandikana anamva. Atsibweni anatola tsamba lina, analiwongola pabondo, analiwongolanso, ngakhale linali lowongoka kale.

M'mawa mwake tinakwera basi. Dokotala wa ku Lilongwe amene ankawaona nthawi zonse anayang'ana m'kamwa nthawi yaitali. Anajambula ekisire. Anati mbali ina ya fupa yayamba kufa, koma tisataye mtima, nthawi zina kachidutswa kakufako kamadzichokera kokha pansi n'kupola. Anapereka mankhwala amphamvu ndi otsukira, anati tidikire. Ndinawatenga amayi kukakhala nawo kwa Lukwa, fodya wawo anatsala m'manja mwa abale.

Kudikira kumeneko ndi kumene kunandidya. M'mawa ndisanapite ku sukulu ndinkatsuka dzenjelo ndi jakisoni wopanda singano, madzulo chimodzimodzi. Tsiku lina ndinkaona ngati chotuwa chija chachepa, ndipo ndinkaphunzitsa ndi mphamvu, ana n'kumadabwa. Mawa lake ndinkaona ngati chakula. Ndinayamba kujambula ndi foni kuti ndizifananitsa, koma zithunzi zonse zinkaoneka zofanana, ndipo ndinkaziyang'ana mpaka maso kuwawa. Amayi anasiya kundinena za ng'ombe ya pamsika. Ankangoyasama ndisanawauze, ndipo zimenezo zinkandiopsa kuposa kukana kwawo kuja. Kenako anati mlomo wa m'munsi wachita dzanzi. Pambuyo pake pansi pa nsagwada panatupa, panaphulika kabowo kotulutsa mafinya. Tsiku lina akumwa phala anaima, anagwira tsaya, n'kunena chapansipansi kuti, "Mwana wanga, china chake chasuntha."

Dokotala anajambulanso. Anatikhazika pansi tonse awiri n'kunena kuti khansa palibe, lilime lili bwino. Koma fupa lafa mpaka m'munsi ndipo lang'aluka. Panalibenso chodikira. Adula chigawo chonse chakufacho, ayesa kulumikiza ndi chitsulo, ndipo nkhope ya amayi mbali imeneyo sidzakhalanso ngati kale. Kutafuna kudzavuta. Kulankhula adzakuona pambuyo pake. Amayi anamvetsera mpaka kumapeto, anathokoza dokotala, n'kundiuza kuti ndiwathandize kumanga mpango.

Nthawi yonseyi atsibweni ndi ine tinali tisanalankhulane. Iwo sanaimbe foni, ine sindinaimbe. Ndinkangomva kwa abale kuti fodya wa amayi atsibweni anamusankha okha, kusiya wawo akuwonongeka, ndiponso kuti kutchalitchi ankakhala kumbuyo.

Tsiku la opaleshoni, dzuwa litangokwera, ndinawaona akulowa m'wodi. Anavala jekete lawo la kutchalitchi, nsapato zili mbuu ndi fumbi. Munthu amene sankadziwa Lilongwe, anafunsa njira mpaka kufika. Anaima kumapazi kwa bedi chipewa chili m'manja. Amayi anali atavekedwa kale mkanjo wa ku opaleshoni, tsaya litamatidwa bandeji.

"Mlongo, ndabwera," anatero.

Amayi anatambasula dzanja, atsibweni analigwira ndi manja awiri. Patapita kanthawi atsibweni anandiyang'ana n'kukodola kuti tituluke.

Tinaima pakhonde pamene magadiyani amayanika zovala. Ndinali nditakonza kale mawu oti ndiwayankhe akayamba kudziteteza. Iwo analowetsa dzanja m'thumba la m'kati mwa jekete n'kutulutsa kampango komanga mfundo. Zala zawo zinavutika kumasula. M'katimo munali dzino, lalitali, la mizu iwiri, lobowoka pamwamba, lotsukidwa bwino.

"Sindinamusiyire munthu uja," anatero. "Dzino la munthu salisiya m'manja mwa mlendo. Ndakhala ndikulisunga." Ananditambasulira kampangoko. "Ndimati ukawapatse adokotala asanayambe. Iwo ali ndi nzeru zambiri. Mwina akalibwezera pamalo pake, dzenje lija litseka, ndiye sadulanso."

Anandiyang'ana m'maso, akudikira. Munthu wa imvi, amene anandinyamula pamapewa ndili mwana, anali atakwera basi ya m'bandakucha chifukwa cha zimenezi. Mawu onse amene ndinakonza anandithera. Ndinatambasula manja awiri n'kulandira.

"Ndikawapatsa, atsibweni."

"Fulumira, mwana wanga, asanayambe."

Nditalowa m'wodi ndinapeza anamwino akuwakankha kale amayi pa kabedi ka matayala. Ndinawatsatira m'khonde lonselo mpaka pa chitseko chimene gadiyani salowa. Chinatsekeka. Ndinaima pamenepo dzino lili m'manja, ndipo kumbuyo kwanga ndinkamva nsapato za atsibweni zikubwera, kudzafunsa ngati ndapereka.